Makina a mapodi kapena plunger, abambo ndiwatengere chiyani?

Nangozo_Notts

Abale, ndithandizeni nzeru. Mu Disembala ndikupita kumudzi ndipo ndikufuna kuwatengera abambo anga chopangira khofi. Ndi mphunzitsi wopuma, amakhala ku Zomba, ndipo khofi samusewera naye. Tiyi amamwa pamaliro pokha. Zaka zonsezi akhala akumwa Ricoffy, koma atabwera kuno ku Nottingham kudzaona adzukulu anakopeka ndi makina anga a Nespresso. Ankalawirira ife tili m'tulo, kuponya kapodi (kachitini kakang'ono kotsekedwa ka khofi wogaya), kudina batani, n'kukakhala pawindo ndi kapu yawo. Mpaka pano tikaimbirana foni amayamba afunsa kaye za makinawo, za ana pambuyo.

Ndiye maganizo anga ndi oti ndiwagulire awo. Za pulagi sindikudandaula, soketi za kumudzi ndi zomwezi za mano atatu, magetsinso ndi ofanana mphamvu. Koma amuna anga akukana. Akuti ndingowagulira plunger (jagi yokhala ndi sefa yokankhira pansi) ndi mapaketi a khofi wogaya, chifukwa makina a mapodi akawasandutsa abambo munthu wopempha mwezi ndi mwezi.

Amene muli nawo makinawa ku Malawi, mumawagwiritsadi ntchito? Mapodi amapezeka?

Wa_ku_25

Achemwali, mverani amuna anu. Ine makina otero ndili nawo, anabwera ndi alamu anga kuchokera ku Joni. Panopa ali pamwamba pa fuliji, madam anawaphimba ndi kansalu koluka ndipo alendo amayesa chokongoletsera nyumba.

Vuto lalikulu ndi mapodi. Tinene kuti mwawatengera 100, sutikesi yavomera. Madala akamamwa awiri pa tsiku, masiku 50 atha. Ndipotu sakamwa okha, mukuwadziwa aphunzitsi opuma, akaitana anzawo onse a ku mpingo kuti adzaone. Pofika kumapeto kwa Januwale bokosi lili mbee. Kuno ku Lilongwe mapodi umawaona apo ndi apo m'mashopu akuluakulu, koma lero alipo, mwezi wamawa kulibe, kapena alipo a mtundu wosalowa m'makina ako. Ndi katundu wakunja, amayendera forex, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zoterezi ukaona mtengo umangobweza pashelufu mwaulemu. Nanga munthu wa ku Zomba azikwera minibasi mpaka ku Blantyre kukasaka khofi wa m'kachitini?

Kenako magetsi. Makinawa amakoka mawati opitirira 1,200 akamatenthetsa madzi. Akathima a m'mawa, nthawi yeniyeni ya khofi, musaganize kuti ka inverter koyatsira mababu ndi TV kangawanyamule, kamangolira n'kuzima. Pamene plunger imangofuna madzi otentha, kaya awira pa ketulo, pa gasi kapena pa mbaula.

Ndipo pampu yam'kati ikafa, anyamata okonza mawayilesi kumsika adzayesetsa ndithu, koma sipeya akaipeza kuti?

MayiTadala_Jozi

Ine nditsutsako pang'ono, poti aliyense athamangira kunyoza mapodi. Ndimagwira ntchito ya usiku kuno ku Johannesburg, ndikafika kunyumba mbandakucha sindifuna kuyeza masipuni kapena kutsuka sefa. Mphindi imodzi kapu yadzaza, kukoma kwake n'komweko dzulo ndi lero. Kwa munthu wokhala yekha, womwa kapu imodzi, makinawa ali ndi malo ake. Paketi ya khofi wogaya ukaitsegula fungo limayamba kuthawa, pakatha milungu ingapo wazilala, pamene kapodi n'kotsekedwa mpaka tsiku lomwe ukakabowole.

Komanso sisi, werenganinso zimene mwalemba. Abambo ankadzuka okha n'kudzipangira okha. Kumudzi amawapangira ndani? Ndikhulupirira amadikira amayi kapena mwana asonkhe moto. Mwina chimene anakonda kwa inu si khofi yekhayo, koma kusadikira munthu. Ndi thovu lija la pamwamba. Limabwera chifukwa pampu imakankha madzi mwamphamvu, ma bar 19, ndipo plunger singawapatse zimenezo ngakhale mutaikankha bwanji. Mukawatengera plunger iwo akuyembekeza makina, adzathokoza monga mwa ulemu wa makolo, koma mumtima adzadziwa kuti mwawachotsera.

Ngati mwatsimikiza zogula, samalani mtundu, chifukwa mapodi salowana. A Nespresso enieniwo alipo awiri. Original, timapodi tating'ono tija, ndi amene makampani ena amaloledwa kupanga ofanana nawo chithereni mapatenti ake (ufulu wa palamulo wopanga okha), n'chifukwa chake kwanu mumawapeza otchipa ku Aldi ndi ku Lidl, kunonso ali m'masupamaketi ambiri. Vertuo ali ndi barcode m'mphepete yomwe makina amawerenga, ndipo kusankha kwake n'kochepa. Dolce Gusto ndi ena, Tassimo ndi enanso. Wopita nawo kumudzi atenge Original basi, chifukwa aliyense wochokera ku Joni angathe kuwanyamulira bokosi.

Kulinso kapodi kachitsulo kodzazamo khofi wako, n'kutsuka, n'kudzazanso. Kamagwira ntchito ukagaya khofi mosalala bwino, koma pamenepo changu chija chatha.

MwanaWaMlimi_Misuku

Pepani, ine nkhaniyi imandikhudza pena, ndiye ndilemba motalika.

Ndinakulira m'munda wa khofi ku Misuku, m'boma la Chitipa. Fizi yanga inachokera m'mitengo imeneyi. Kuyambira cha m'Meyi mpaka nyengo yozizira itatha timakhala tili m'munda kuthyola, ndipo suthyola mwachisawawa, umasankha zofiira zokhazokha, imodziimodzi, zobiriwira n'kuzisiya kuti udzabwerenso. Tsiku lomwelo zipite kumakina osenda, zikagone m'madzi, zitsukidwe, ziyanikidwe pamathandala milungu, uku mukuzitembenuza. Makilogalamu opitirira 5 a zipatso ndi amene amatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wouma wosakazinga.

Tsopano tiyeni tiwerengetse. M'kapodi kamodzi ka Original muli khofi pafupifupi magalamu 5. Kuti mukwanitse kilogalamu mufunika timapodi 200. Ngati kamodzi mukugula 40p (mapeni 40 a ku UK), ndiye kuti kilogalamu mukuigula £80. Inu achemwali mukudziwa mtengo wa paketi ya khofi wabwino wogaya m'shopu yakwanuko, yerekezani nokha. Ndalama yambiri pamenepo ikulipira kachitini ndi dzina.

Koma chondiwawa ine si mtengo. N'chakuti makina amenewa ndiwo amakusankhira khofi womwa. Mukawaika m'nyumba ya ku Zomba, abambo azimwa wokazingidwa ku Ulaya, wobwera pandege, pamene dziko lomwe akukhalamo limalima arabica amene azungu omwewo amadzagula. Wa Mzuzu Coffee, wochokera kwa alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi Ntchisi, ali m'mashopu m'dziko muno, wogulidwa ndi kwacha. Kummwera komweko kuli wa Satemwa ku Thyolo. Abambo poti ndi mphunzitsi akudziwa bwino kuposa ine kuti John Buchanan ankalima khofi ku Zomba komweko m'zaka za m'ma 1880, ndipo chizindikiro cha boma la atsamunda la British Central Africa chinali ndi mtengo wa khofi. Ndiye munthu wa ku Zomba adikire khofi wa ku Nottingham?

Mayi Tadala anena zoona pa chimodzi, plunger siidzawapatsa kukoma kumene anakonda. Khofi wa plunger ndi wofewa, wamadzi ambiri. Chimene ndingakulangizeni ndi moka pot, kaketulo ka ku Italy ka makona 8 kamene Alfonso Bialetti anatulutsa mu 1933. Kali ndi zigawo zitatu: pansi madzi, pakati kasefa kothiramo khofi, pamwamba potulukira. Mukaika pamoto, nthunzi imakankha madzi kukwera kudutsa m'khofi, n'kutulukira pamwamba ali bii, wamphamvu, woyandikira uja wa m'makina ngakhale thovu lake silifika. Mulibe waya, mulibe pampu. Chimene chimatha ndi kalabala kam'kati, mugule awiri kapena atatu apadera, salemera.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta koma kali ndi malamulo. Madzi asapitirire kavalavu ka m'mbali. Khofi mudzaze kasefa n'kusalaza ndi chala, osatsindira. Moto ukhale wochepa, pa mbaula mudikire makala atsike ndipo chogwirira chikhale kunja kwa moto, apo ayi chisungunuka. Mukamva kayamba kulira kuti fwofwofwo, chotsani msanga, mukachedwa amawawa. Kwathu mkulu wanga amaika madzi owira kale pansipo kuti khofi asapsere kudikira.

Ngati mungakonde plunger yomweyo, ya alendo akachuluka, gulani yachitsulo. Yagalasi m'nyumba ya adzukulu siimaliza chaka. Muyeso wake ndi magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, khofi wogaya mokhakhala, kudikira mphindi 4 musanakankhe.

Namwino_Leeds

Ndingowonjezera za thanzi poti tikunena za munthu wachikulire. Khofi wosadutsa m'pepala, monga wa plunger kapena wongowiritsa m'poto, amakhala ndi mafuta ena otchedwa cafestol amene amakweza cholesterol kwa omwa makapu ambiri tsiku lililonse. Sefa ya pepala imawagwira. Ngati abambo anauzidwapo kuchipatala za cholesterol, njira yabwino ndi kafanulo kapulasitiki koika pakamwa pa kapu, pepala m'kati, khofi, n'kuthira madzi otentha pang'onopang'ono. Mapepala 100 ndi kapaketi kolowa m'thumba la jekete. Ngati ali ndi BP, nkhani ndi kuchuluka kwa makapu, osati chopangira. Ndipo Ricoffy amene anazolowerayo ndi wosakaniza ndi chicory, ndiye khofi weniweni adzawamenya kwambiri poyamba. Asamwe madzulo.

Wa_ku_25

China chimene ndinaiwala: timapodi takutha tikatayidwa kuti? Ku UK muli ndi kobweza kuti akatikonzenso. Ku Zomba tikathera kudzala, mbuzi n'kumatinyambita. Ngakhale ku Germany komwe, mzinda wa Hamburg unaletsa kugula mapodi m'maofesi a boma mu 2016 chifukwa cha zinyalala zomwezi. Zotsalira za mu moka kapena plunger madam amathira m'maluwa.

Koma a Misuku, musatinamize kuti madala azikasonkha okha mbaula 5 koloko m'mawa. Ntchitoyo igwera amayi.

MayiTadala_Jozi

Ndi zomwe ndimanena ine. Aliyense akuwerengetsa ndalama, palibe akuwerengetsa amene adzuke.

Nangozo_Notts

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso, makamaka pa masamu a timapodi 200 aja. Amuna anga awerenga ndipo akuyenda monyada m'nyumba muno.

Mayi Tadala, mwalasa. Ndinawaimbira amayi kuwafunsa mozungulira, osatchula za mphatso. Akuti chibwerereni kuno abambo amalowa okha kukhitchini m'mawa, zomwe sanachitepo chikwatiraneni, ndipo amayi sakudziwa ngati asangalale kapena ade nkhawa ndi makapu awo a alendo. Za mbaula musadandaule a ku 25, kunyumba kuli kasitovu ka gasi ka mbale imodzi kamene mchimwene wanga anagula, abambo amatha kuyatsa. Cholesterol sanauzidwepo, BP ilipo koma amamwa mankhwala.

Ndiye ndikupendekera ku moka pot, khofi tikagula konko. Makina angawa akhale kuno, azidzawapeza akabwera. Sindikudziwa kuti ndikawafotokozera bwanji, poti akuyembekeza a batani, mwina ndikayambira kwa John Buchanan.

A Misuku, mafunso awiri. Pa intaneti ndikuona za makapu 3, 6 ndi 9, nditenge iti? Abambo amamwera mu kapu yaikulu ija ya chitsulo, ndi mkaka ndi shuga masipuni atatu, buledi kapena mbatata pambali. Ndipo khofi wa m'mapaketi a kumudzi ndi wogaya moyenera moka?

MwanaWaMlimi_Misuku

Makapu amene amalemba pabokosiwo ndi timakapu ta ku Italy, ta mamililita pafupifupi 50. Ya makapu 3 imatulutsa khofi wosafika theka la kapu ya abambo, koma poti ndi wamphamvu, akathira mkaka wotentha kapena madzi owira kapu imadzaza bwinobwino. Ngati amayi nawonso angayambe kulawa, tengani ya 6. Musagule yaikulu n'cholinga choti azithira theka, moka imafuna kudzaza kasefa konse nthawi zonse, ikapanda kudzaza khofi amatuluka wamadzimadzi.

Wogayagaya wa m'mapaketi amagwira, ngakhale nthawi zina amakhala wokhakhala pang'ono. Ngati sutikesi ili ndi malo, onjezani kachigayo kamanja kopukusa, muzigula wosagaya, abambo azigaya okha wa tsiku limenelo. Akhale wosalala kuposa wa plunger koma osafika pa ufa woyera, akasalala kwambiri amatseka kasefa. Ndipo makapu awiri oyamba m'moka yatsopano mutaye, amanunkha chitsulo.