Gulu la Chitukuko cha Kwathu ku Lizulu: za alendo a mu Julayi

Wapampando: Moni nonse. Kalata ija yafika. Mpingo womwe amapempherako mlongo wathu wa ku Leeds, ku UK, ukufuna kutumiza achinyamata 10 mu Julayi, adzakhale masabata awiri kumanga nawo sukulu ya mkombaphala ija. Simenti ndi malata agula iwowo. Ife tipereke mchenga, miyala ndi pogona. Tikambirane kaye tisanapite kwa a Gulupu.

Achimwene a ku Joni: A Wapampando, pepani ndiyamba ndine kuvuta. Tikiti imodzi ya ndege kuchokera ku UK kudzatera ku Lumbadzi ingalipire amisiri angati a pa Lizulu? Nanga 10? Anyamata omwe anaphunzira zomangamanga angokhala pamsika kusenza matumba a mbatatesi. Atumize ndalamazo, timanga tokha.

Mayi a ku Leeds: Achimwene, ndalama za matikiti si za mpingo ayi. Mwana aliyense akusaka yekha, ena akutsuka magalimoto, ena akugulitsa makeke. Tikawauza kuti asabwere, ndalamazo sizibwera kwathu, ndipo mwina ndi simenti yomwe sitiiona. Anthu kuno amapereka pomwe mwana wawo wapondapo. Komanso mmodzi mwa anawo ndi mwana wanga. Chibadwire sanaonepo manda a agogo ake.

Achimwene a ku Joni: Wanuyo si mlendo, abwere ngakhale mawa.

Aphunzitsi opuma: Ana inu, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Amishoni atafika ku Mvera mu 1889 analinso alendo, koma onani sukulu ndi zipatala zomwe zinatsatira, mpaka ku Mlanda konkuno.

Msungichuma: Zoona aphunzitsi, koma ajawo anabwera kudzakhala, anaphunzira chiyankhulo, ena anaikidwa m'manda konkuno. Wa masabata awiri ndi mame, dzuwa likangotuluka wakamuka. Ine chondiwawa ndi mjigo uja. Alendo anakumba, tinavina, anajambula zithunzi, anapita. Marabala atatha panalibe komiti, panalibe thumba logulira zipangizo. Mjigo wa mtundu umenewu, wa Afridev, anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha, koma ife tinkauyesa wa azungu, nkumadikira kuti eni ake abwera. Amayi anabwerera kudambo. Sukuluyi ikatha, phala agula ndani? Alezi a ana aziwathokoza ndi chiyani? Khoma silisenza ana.

Mlembi: Mfundo imeneyo ndailemba.

Wa achinyamata: Ndiyankhuleko pang'ono ngakhale ndili mwana. Chaka chatha ndinapita ndi a mpingo ku Ulongwe, ku Mozambique, kukathandiza kufolera tchalitchi ndi kuphunzitsa za manyowa. Pafupi pomwepa, chiyankhulo chomwechi, koma ndinali mlendo. Tinanyamuka tikudziona ngati akatswiri. Titafika, mdala wina anationetsa m'mene amasungira mbewu ya mbatatesi, tonse tinangoti kukamwa yasaa. Denga anakhoma ndi amisiri akomweko, ife timangopatsira misomali. Phindu lalikulu ndinabwera nalo ndine, osati iwo. Ndiye anawa tisawakanize, koma tisawanamizenso kuti akudzatipulumutsa. Akhale otumikira amisiri athu, aziponda matope ndi kutunga madzi.

Achimwene a ku Joni: Apo ndiye mwalasa mphwanga. Ndiye kalata yoyankha inene poyera kuti kapitawo ndi amisiri akhale akwathu, ndipo alipidwe, osati zongodzipereka. Simenti igulidwe ku Ntcheu kapena ku Dedza.

Msungichuma: Ndipo mtengo auwerengenso. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinakhazikike, mtengo wa mwezi uno si wa mu Julayi. Tigwiritsenso mabuloko a simenti, kuwotcha njerwa kwatimalizira mitengo m'mapirimu.

Mayi a kumudzi: Inu mukukamba za mabuloko, ine ndikufunsa zophika. Masabata awiri, anthu 10, nkhuni ndi madzi otentha m'mawa ndi chisanu cha mu Julayi chija. Zonsezo zigwera amayi a chigwirizano monga mwa masiku onse. Nkhuku zanga zinatha ndi alendo a mjigo.

Mayi a ku Leeds: Ayi amayi, za chakudya alipira, ndikawauza Lamulungu. Ndawachenjezanso kale kuti asamajambule ana popanda chilolezo cha makolo, komanso zogawa maswiti pamsewu ayi.

Aphunzitsi opuma: Muwauzenso za majuzi. Akuganiza kuti ku Africa konse nkotentha.

Wapampando: Chabwino. A Mlembi, lembani kalata koma musatumize. Loweruka tikumane ndi a Gulupu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), komiti ya sukuluyi isankhidwe alendo asanagule matikiti. Za phala ndi alezi sitinagwirizane kanthu.

Achimwene a ku Joni: Ine ndipereka matumba awiri a soya chaka choyamba. Chachiwiri musandiyang'ane.

Msungichuma: Nanga mjigo uja tiukonza liti? Amisiriwo madzi okandira simenti akawatunga kuti?