Madam akufuna ndidikire zaka ziwiri ndisanaime, ndiwayankhe bwanji?

Nangozo wa ku Nchalo:
Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimalera mwana pabanja lina kuno ku Nchalo. Ndinamuyamba ali ndi miyezi inayi, pano akuthamanga, ndipo usiku kukatentha, monga mukudziwira Okutobala wa kuno kuchigwa, amakana mayi ake n'kumalirira ine. Mu Ogasiti ndinakwatiwa. Bambo akunyumba amapalasa kabaza ku Ngabu, ndimapitako Loweruka n'kubwerako Lolemba m'mamawa.

Sabata yatha ndikusita, madam anangoti, "Anti, muli pa njira yanji yolera?" Ndinangoti kakasi. Akuti iwo akuyembekezera wachiwiri mu Epulo, ndiye sitingaime tonse awiri nyumba imodzi. Akuti ndidikire zaka ziwiri, ndipo andiperekeza okha kuchipatala akandiike ka pamkono. Kulera komwe anandilembera ndi kwa mwana wawo, kulera kwinaku kwalowamo bwanji? Ndili ndi zaka 29, apongozi ayamba kale kundiyang'ana pamimba. Komatu si anthu oipa ayi. Madzi atagwetsa nyumba ya mayi anga ku Makhanga, malata anagula ndi iwowa.

Mlongo wa pa Dyeratu:
Achemwali, lamulo lili mbali yanu. Employment Act ya 2000 imapatsa mayi wapantchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Wantchito wam'nyumba nayenso ali momwemo. Vuto n'loti ambiri tinalembedwa pakamwa. Ngati amakulipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, mamesejiwo musafufute, ndiwo umboni wanu mukadzafika ku ofesi ya Labour ku Chikwawa boma. Komanso sadzanena kuti akukuchotsani chifukwa cha mimba, adzati mwayamba ulesi.

Mayi a Tadala:
Ine ndine mphunzitsi ku Bangula ndipo ndili ndi mtsikana wolera ana, ndiye mantha a madamwo ndikuwamva. Kupeza munthu womusiyira khanda mtima uli m'malo si masewera. Koma apa alumpha malire. Akanatha kupempha kuti zikadzachitika muwauze nthawi ilipo, apeze wogwirizira. Za ka pamkono ndi za inu, amuna anu ndi anamwino. Kena kamakhala zaka zitatu, kena zisanu, nanga iwo akasamukira ku Blantyre chaka chamawa? Malatawo thokozani, koma sanali chikole.

Gogo Nasibeko:
Mwanawe, kuyambira liti mimba inayamba kulengezedwa isanabwere? Ife ngakhale mayi ako okubala sunkawauza mpaka chitenje chitayamba kukana chokha. Ukawayankhe mwaulemu kuti, "Ndamva mayi, ndikakambirana ndi eni ake kunyumba." Basi. Usalonjeze zaka, Mulungu sapangana ndi madam.

Nangozo wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Dzulo anafunsanso, ndinayankha momwe anenera agogomu, n'kuwonjezera kuti chikadzachitika ndidzawauza ndikangoyamba sikelo. Anangoti "chabwino" koma nkhope ili gwa, tsiku lonse osandiyankhula. Bambo akunyumba sindinawauzebe, ndikuopa angakwere njinga n'kubwera kudzayankha okha pageti.