Mwana wa miyezi 22 anakana kukhazikika pomuyeza kalankhulidwe, kodi lipoti lake ndilikhulupirire?

Wofunsa: Makolo anzanga ndi akatswiri muli pano, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 22 koma mawu omveka amene amanena sakupitirira 10. Sabata yatha katswiri wa kalankhulidwe anamuyeza. M'chipindamo sanakhazikike ngakhale pang'ono. Zithunzi zimene anamupatsa anaziponya pansi, anakalowa kunsi kwa tebulo, kenako n'kumangotsegula ndi kutseka chitseko. Pa lipoti alemba kuti satsatira malangizo, chidwi chake sichikhalitsa, ndipo wachedwa kulankhula. Kodi ana a msinkhu umenewu sachita choncho? Pakhomo timalankhula zilankhulo ziwiri, ndiye ena akuti n'zimene zikumusokoneza.

Nasibeko: Mayi, kubisala kunsi kwa tebulo m'chipinda chachilendo, pamaso pa munthu amene sakumudziwa, ndi khalidwe la msinkhu wake. Mwana wosakwana zaka 2 amakhala pa chinthu chomusankhira wamkulu kwa mphindi zochepa chabe, ndipo kukanakana ndi kudzigwetsa pansi kumachuluka pakati pa miyezi 18 ndi zaka 3.

N'chifukwa chake kuyeza kwabwino sikudalira zithunzi za patebulo zokha. Katswiri amayenera kukufunsani za mimba ndi kubadwa kwake, matenda a m'khutu, anayamba liti kukhala ndi kuyenda, komanso ngati m'banja muli ena amene anachedwa kulankhula. Amakupatsani mndandanda wa mawu kuti muchonge amene mwana amamva ndi amene amanena. Kenako amakhala naye pansi n'kumasewera, kuona ngati mwana akumuyang'ana, akutsanzira, akupempha thandizo chivindikiro chikakana kutseguka. Pamene pamalakwika ndi apa: pa mayeso owerengera mamalikisi, chimene mwana wakana kuchita chimalembedwa ngati sachitha. Choncho gawo la kumvetsa mawu limatha kutuluka lotsika kuposa mmene mwana alili. Bwererani mukawafunse kuti, "Mamalikisiwa achokera pa zimene anachita tsikulo zokha, kapena mwaphatikizapo zimene ndinakuuzani?"

Koma ndisakunyengeni, mawu 10 pa miyezi 22 ndi ochepa. Akatswiri ambiri amati mwana wachedwa ngati pofika miyezi 24 alibe mawu okwana 50 kapena sakulumikiza mawu awiri, monga "mama bwera". Gawo limenelo la lipoti musalitaye.

Bambo Phiri: Musanachite china chilichonse, makutu anayezedwa? Kutembenuka chitseko chikamenyeka sikutanthauza kuti akumva bwino. Madzi akaunjikana kuseri kwa nembanemba ya khutu, zimene zimachitika kawirikawiri pambuyo pa chimfine, mwana samva kuwawa ndipo khutu silituluka mafinya, koma mawu amamufika ngati wazika mutu m'madzi. Phokoso lalikulu amalimva, timawu tofewa ngati s ndi f timamudutsa. Pemphani tympanometry, kachipangizo kamene amaika pakhomo pa khutu kwa masekondi angapo kuona ngati nembanemba ikugwedezeka bwino, komanso kuyeza kumva kwa ana kumene mwana amakhala pamiyendo panu n'kumatembenukira kumene kwachokera mawu. Kuyezedwa atangobadwa sikukwanira, vuto limatha kudza pambuyo pake.

Chikondi M.: Anyamata amachedwa kulankhula, ingomudikirani adzayamba yekha.

Nasibeko: Achimwene, n'zoona kuti anyamata amatsalira pang'ono, koma kusiyana kwake n'kochepa, sikungafotokoze mawu 10 pamene tikuyembekezera makumi angapo. Ambiri ochedwa amadzawapeza anzawo, inde, koma pa miyezi 22 palibe angaloze motsimikiza kuti uyu adzawapeza, uyu ayi. Kuyamba thandizo msanga sikumupweteka mwana.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Makutu sanayezedwe chibadwireni. Nanga mawuwo ndiwerenge bwanji? Amanena "amu" akafuna madzi, ndipo akaona galu amati "huhu".

Mayi Gondwe: Onse awiriwo ndi mawu, achemwali. Liwu limawerengedwa ngati mwana amalinena yekha osamuuzira, nthawi zonse pa chinthu chomwecho, ngakhale katchulidwe kakhote bwanji. Kulira kwa nyama ndi kwa galimoto kumalowa momwemo. Muphatikizenso mawu a zilankhulo zonse ziwiri, chifukwa zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana, ndipo kumuyeza m'chimodzi chokha kumabisa zina zimene amadziwa. Musasiye chilankhulo chimene mumamasuka nacho. Matani pepala pakhoma, mulembe liwu lililonse kwa masiku 7. Makolo ambiri amapeza kuti chiwerengero chakwera.

Chimene ine ndingayang'ane kwambiri kuposa chiwerengero ndi mmene amalankhulira popanda mawu. Ndege ikamadutsa, kodi amaloza ndi chala kenako n'kutembenuka kukuyang'anani kumaso, ngati akuti "mwaiona?" Kuloza kofuna kukuonetsani chinthu kumayembekezeka pofika miyezi 18, ndipo n'kosiyana ndi kukukokani dzanja kupita pa chimene akufuna. Mukamuitana dzina amacheuka? Mukati "katenge nsapato" manja anu ali chete, osaloza, amakatenga? Amamwetsa chidole ndi kapu yopanda kanthu? Zimenezi zikakhalapo, nthawi zambiri vuto limakhala pa kutulutsa mawu kokha. Zikasowa, kapena ngati panali mawu amene ankanena koma anasiya, musadikire, uzani dokotala wa ana ndipo mupemphe M-CHAT-R, mafunso 20 a inde kapena ayi amene kholo limayankha pofufuza zizindikiro za autism (vuto la kakulidwe limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) kwa ana a miyezi 16 mpaka 30. Mafunsowo sagamula kuti mwana ali ndi autism, amangosonyeza ngati pakufunika kufufuza mozama.

Bambo Phiri: Pobwerera kwa katswiri, sankhani nthawi imene mwana wagona kale ndipo wakhuta. Tengani chidole chimene amachikonda, pepala la mawu lija, ndi timavidiyo titatu kapena tinayi ta mphindi imodzi imodzi tojambula akusewera kunyumba. Mwana amene wangoti duu m'chipinda choyezera, pa foni amaoneka mmene alili.

Mayi Gondwe: Podikirapo, chepetsani kumufunsa kuti "ichi n'chiyani?" kapena kumukakamiza kuti "nena mpira", zimamutseka pakamwa. Khalani pansi maso anu alingane ndi ake, mutchule chimene iye wagwira. Akati "mpira", inu muwonjezere liwu limodzi, "mpira wagwa". Mukamufunsa chinthu, werengani chamumtima mpaka 5 musanalankhulenso. Musonyezeni zinthu ziwiri, chimodzi dzanja ili china dzanja ilo, asankhe. Za foni ndi TV, malangizo a 2019 a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa chaka chimodzi asamaonere n'komwe, ndipo wa zaka 2 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Wofunsa: Ndayesa za nsapato zija manja ndili nditapinda, wakatenga imodzi n'kudzandiika pamwendo. Kuloza ndege sindinaonetsetse, ndikhala tcheru. Mawa ndikafunsa za makutu.