Chingwe changa chachita ubweya, ndamanga molakwika pati?

Gome_Luwinga:
Moni akuluakulu. Loweruka lapitali tinapita atatu kukakwera kathanthwe kena cha ku Chikangawa, kotalika mwina mamita 15. Ine ndinazungulira kumbuyo n'kufika pamwamba, ndinakulunga sling (lamba wa nayiloni wolumikizidwa nsonga zake) pamtengo wa paini, n'kukoleka carabiner (kachitsulo kokolekera chingwe, kokhala ndi kachitseko) imodzi yokhoma, n'kuponya chingwe pansi. Mtengowo uli mamita ngati 4 kuchoka m'mphepete, ndiye pomutsitsa munthu chingwe chimakhula pamwala mpaka kumveka kulira. Kunyumba ndapeza malo ena chachita ubweya, kutalika ngati chikhatho. Chingwechi ndinachita kutumitsa ku Joni, china sindingachipeze mawa. Thandizeni.

Mdala_wa_Katoto:
Achimwene, musanalire chingwe, thokozani kuti nonse munabwerera ndi miyendo yanu. Mtengo umodzi, sling imodzi, carabiner imodzi. Chimodzi mwa zimenezo chikanati chigonje, mnzanuyo akanafika pansi inu musanaphethire. Komanso mapaini a kumeneko ambiri anapsapo ndi moto wolusa, ndipo pathanthwe mizu imangoyala pamwamba padothi lochepa. Nthawi yamvula ino ine sindingaukhulupirire wokha.

Pezani mitengo iwiri yamoyo, yonenepa kuposa ntchafu yanu, mugwedeze kaye ndi mphamvu, ndipo mumange m'tsinde, osati m'mwamba. Gwiritsani static rope, ija yosatamuka. Nsonga imodzi pamtengo uwu, ina pa uwo, pakati pake mumange mfundo yotulutsa timakoleko tiwiri, ilendewere kupitirira m'mphepete mwa thanthwe. Pamenepo ikanipo ma carabiner awiri okhoma, zitseko zake zopenya mbali zosiyana. Chingwe chokwerera chidutse m'menemo basi, chisakhudze mwala. Pamene static ikupindikira pamwala yalanipo kachidutswa ka kapeti, kapena muilowetse mu hozipaipi yong'amba. Ine ndimagwiritsa mwendo wa jinzi yakale ya pakaunjika.

NyaMhango:
Ndiwonjezereko pa zomwe anena madalawa. Muyang'ane mmene zingwe ziwirizo zikutangadzira pokumana. Zikhale V wopapatiza. Pa madigiri 60 mtengo uliwonse umanyamula 58 peresenti ya kulemerako, pa 90 ndi 71, koma pa 120 uliwonse ukunyamula katundu yense, ngati mnzake palibe. Mitengo ikatalikirana, talikitsani zingwe kuti V achepe. Ndipo mfundo ija muimange mutakokera komwe wokwera azichokera, apo ayi mtengo umodzi ndi umene uzivutika wina ali khale.

Inuyo pomanga munadzimangirira? Anthu amaterera pamwamba pomwepo, akusuzumira kuti aone ngati chingwe chafika pansi. Masamba a paini akanyowa amaterera ngati therere.

Gome_Luwinga:
Ayi asisi, sindinadzimange, ndinangokwawa chamimba. Manyazi andigwira. Nanga ndikangodutsitsa chingwe mu sling mwachindunji, popeza ma carabiner ndili nawo ochepa?

Mdala_wa_Katoto:
Musayerekeze! Nayiloni ikamakhula nayiloni inzake imatentha, sling imasungunuka n'kuduka munthu ali m'malere. Bwerekani carabiner.

Za chingwe chanucho, chipindeni pamalo a ubweyawo ndi kuchipapasa ndi zala. Mukamva pofewa kapena pophwatalala, kapena mukaona ulusi woyera wa m'kati, dulanipo ndi mpeni wotentha, mutsale ndi chachifupi. Ngati ndi ubweya wa pamwamba chabe, chikadali ndi moyo. Bwerani nacho Lachisanu madzulo cha ku Katoto ndichione, ndikubwerekeninso static ya mamita 30.

Gome_Luwinga:
Yewo chomene adada. Ndachipapasa, pali kofewa ndithu, mamita 6 kuchokera kunsonga. Ndibwera nacho ndisanadule.