Dzina langa ku .com linatengedwa kale, ndigule .shop?

Amake Tadala: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndikufuna webusayiti ya zitenje zanga zija, koma dzina lomwe ndimafuna ku .com wina anatenga kale. Akundionetsa .shop, chaka choyamba mtengo wake ngwa tomato. Ndigule?

Bambo a Mphatso: Mayi, musanadine funsani kaye kuti chaka chachiwiri adzakutchajani zingati. Ine ndinagwa m'mbuna yomweyo ndi dzina la garaja yanga. Chaka choyamba ndinalipira ndikuseka, chachiwiri mtengo unakwera kangapo, m'madola, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makhadi a bizinesi ndinali nditasindikiza kale, ndikanathawira kuti?

Atsibweni a Yankho: Koma musawaopseze. Mayina amenewa si achinyengo. ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, linatsegula khomo la mayina atsopano ngati .shop mu 2012, makalata opempha anafika 1,930, iliyonse ndi madola 185,000, ndipo mayina atsopano oposa 1,200 analowa. Kampani ya ku Japan, GMO, inapereka madola 41.5 miliyoni mu 2016 kuti .shop ikhale m'manja mwake. Ngakhale Alphabet, kholo la Google, ili pa abc.xyz.

Bambo a Mphatso: Eetu atsibweni, ndiye ndalama imeneyo akuibweza kwa ndani? Kwa ife tomwe.

Amake Tadala: Haha, mwandiwawula pamenepo.

Asisi a ku Joni: Ine vuto langa ndi makasitomala. Munthu ukamuuza pafoni kuti "dot shop", amakawonjezera yekha .com kumapeto, kenako n'kumati webusayiti yanu sikutseguka. Kuno anthu anazolowera .co.za, akaiona amadziwa kuti ndi wa pompano. Bwanji .mw? Wogula ali ku Leeds, ku England, akaona .mw adziwa kuti chitenjecho chikuchokeradi kumudzi.

Atsibweni a Yankho: Kapena .africa, inayamba kugulitsidwa mu 2017 ndipo African Union inaivomereza. Komanso ana a masiku ano ndani amalemba adiresi? Amangodina linki pa WhatsApp. Kuzolowera kudzabwera, .com nayonso inali yachilendo mu 1985.

Asisi a ku Joni: Kudzabwera liti? Amake Tadala akufuna kugulitsa Khirisimasi ino.

Amake Tadala: Chabwino, .shop ndaisiya kaye. Mawa ndifunsa mtengo wa .mw, ndiyesenso kuwonjezera "mw" kudzina langa ku .com, mwina pamenepo mpata ulipo. Bambo a Mphatso, la garaja lija mukulipirabe?

Bambo a Mphatso: Ndikulipirabe mayi. Linalembedwa ndi penti pageti.