FI term ikukana kulowa mu supergravity

Wa MSc: Akuluakulu, zandikwana. Ndili ndi U(1) gauge theory ya N=1 yokhala ndi Fayet-Iliopoulos (FI) term yosasintha, ndipo popanda gravity supersymmetry ikusweka bwinobwino kudzera mu D-term. Koma pofuna kuilumikiza ku old minimal supergravity (mtundu umodzi wa supersymmetry yophatikizidwa ndi gravity) ndikupeza kuti Ferrara-Zumino multiplet (gulu la ma current limene limalumikiza theory ku old minimal) si gauge invariant, gravitino (mnzake wa graviton mu supersymmetry) ikutenga charge, ndipo superpotential yanga ikuletsedwa. Semina yathu ya ku Great East Road ili Lachisanu. Ndani anadutsapo apa?

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, masamu ako ali bwino. Komargodski ndi Seiberg anaonetsa mu 2009 kuti chiphunzitso chotere chikalowa mu supergravity chimakhala ndi global symmetry yeniyeni, pamene mfundo za black hole zimatiuza kuti quantum gravity siilola symmetry yotero.

Wa ku Kabwata: Achimwene, ngati muli ndi R-symmetry tengani R-multiplet, mugwiritse ntchito new minimal ya Sohnius ndi West ya mu 1981. Equation zonse zimatseka.

Mayi a geometry: Kutseka kwa equation sikuchotsa vutolo, bambo, chifukwa global symmetry ija ikadalipo. Ine zinandionekera pa sigma model ya CP1, imene Kähler form yake si exact. Ndinasakasaka Ferrara-Zumino multiplet imene kunalibe, mpaka nditawerenga zimene Witten ndi Bagger anapeza mu 1982, zoti kukula kwa malowo kuyenera kukhala quantized poyerekeza ndi constant ya Newton. Choncho simungakuchepetse mmene mukufunira.

Wa ku Kabwata: Komabe new minimal ndi yolondola pa mlingo wa classical, ndipo semina si string theory.

Aphunzitsi opuma: Chenjeranso ndi S-multiplet ya 16+16. Imalumikizika ndithu, koma imabweretsa chiral field yowonjezera yopanda mass, ndipo FI term yako imayamba kudalira field imeneyo, monga zimakhalira mu heterotic string kuchokera pa ntchito ya Dine, Seiberg ndi Witten ya mu 1987. Ukatero uyenera kuikhazika field imeneyo, apo ayi vacuum yako ithawa. Usaiwalenso anomaly mu old kapena new minimal, popeza kumeneko gravitino ndi gaugino (mnzake wa gauge field) zili ndi charge.

Wa ku Kabwata: Ndikubwerezanso mwaulemu, yambani ndi new minimal.

Mayi a geometry: Kodi FI term yanuyo ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi Planck scale? Ngati ili quantized, nkhaniyo ndi ina.