CD player kapena DAC: ndigule chiti pomvera nyimbo pa mahedifoni?

Chimbale74:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi ma CD pafupifupi 250, laputopu, ndi mahedifoni a Sennheiser HD 600. Ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha: CD player yokhala ndi pobayira mahedifoni, monga Marantz CD6007, kapena DAC (kachipangizo kosandutsa manambala a nyimbo kukhala mawu) ya USB yokhala ndi ampulifaya mkati, monga FiiO K7. Masipika ndilibe. Chomveka bwino n'chiti?

Mawaya_Mbwee:
Achimwene, CD player iliyonse ili kale ndi DAC m'mimba mwake. Mkatimo muli zigawo zitatu: mota ndi diso lowerenga chimbale, DAC yosandutsa manambala kukhala mawu, ndi gawo lotulutsa mawuwo. Chomwe chili pa CD sichinasinthe chiyambire 1982, ndi 16-bit pa 44.1 kHz, ndipo DAC iliyonse yopangidwa bwino masiku ano imakwanitsa zimenezi popanda vuto. Kusiyana komwe khutu lanu lidzamve kuli pa ampulifaya.

Impedance ya HD 600, kutanthauza mmene imakanira magetsi, ndi ma ohm 300. Imafuna mavoti awiri kapena awiri ndi theka kuti ng'oma ikagunda mwamphamvu mawu asaphwanyike. Pa ma CD player ambiri, makamaka akale, pobayira mahedifoni anangoikapo kachipu kakang'ono ndi resistor ya ma ohm 100 kapena kuposa. Lamulo lomwe timayendera ndi loti output impedance, ndiye kuti impedance ya pobayira mahedifoni, isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya mahedifoni. Kwa inu ndiye kuti isapose ma ohm 37. Ikaposa, besi imafufuma, chifukwa impedance ya HD 600 imakwera kupitirira 500 cha pa 100 Hz. Pa mahedifoni a ma ohm 32 vutoli limakula kwambiri, ndipo mawa mungagule oterowo. Ine ndikuti tengani DAC yokhala ndi ampulifaya.

Nankungwi_wa_Zimbale:
Ndikuvomereza, koma onetsetsani kuti DAC yo ili ndi polowera coaxial kapena optical, isakhale ya USB yokha. K7 ili nazo zonse. Mukatero zimbale zanu simwazitaya: DVD player yomwe yangokhala pa shelefu, ngati ili ndi digital out kumbuyo, igwira ntchito yozungulitsa chimbale, ntchito yosandutsa manambala kukhala mawu n'kusiyira DAC yatsopanoyo. Lowani mu menyu ya audio ya DVD player yo musankhe PCM, mtundu wa manambala womwe DAC imawerenga. Waya wa coaxial umafunika wa ma ohm 75, ndipo waya wachikasu wa vidiyo uja ndi womwewo, musawononge ndalama. Mukamva kulira kwa "hmmm" kosalekeza, ndi ground loop ya 50 Hz yobwera chifukwa zipangizo ziwiri zalumikizana pansi kudzera njira ziwiri. Sinthani mugwiritse optical, popeza mumadutsa kuwala, magetsi sadutsamo.

Mukakopeka ndi CD player yakale yogwiritsidwa kale ntchito, yang'anani kaye chikwangwani cha kumbuyo. Zochokera ku Japan ndi za 100V, za ku America 120V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Kubaya popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, yapsa nthawi yomweyo. Kenaka iyeseni ndi chimbale chodzaza mphindi 70 kapena kuposa, mudumphire ku nyimbo yomaliza. CD imawerengedwa kuchokera pakati kupita kunja, ndiye diso lotopa kapena njanji zouma girizi zimaonekera kumapetoko. Thireyi ikamakana kutseguka, kawirikawiri ndi kalamba ka rabala kamene katambasuka. Diso lafumbi limapukutidwa ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol, koma laser yofooka ilibe mankhwala, n'kusintha basi, ndipo yamtundu wake mwina simuipeza.

Mawaya_Mbwee:
Ndiwonjezere za kukopera zimbalezo mu laputopu. Pa Windows ikani pulogalamu ya Exact Audio Copy, musankhe secure mode, muyatse AccurateRip. Imeneyi imafananitsa zomwe mwakopera ndi za anthu ena omwe anakopera chimbale chomwecho, ndiye mumadziwa ngati pali cholakwika. Sungani mu FLAC, mtundu wa fayilo wosataya kalikonse, osati MP3. Chimbale chimodzi chimatenga 300 mpaka 400 MB, kotero zonse 250 zikwana mu 100 GB. Mukhale ndi makope awiri pa ma hard drive osiyana.

Poyimba gwiritsani pulogalamu ya foobar2000 ndi WASAPI exclusive, njira yotumiza mawu molunjika ku DAC, apo ayi Windows imasintha 44.1 kukhala 48 kHz n'kusakanizamo mabelu a mauthenga. Zimbale zina za m'ma 1980 zinajambulidwa ndi pre-emphasis, kutanthauza kuti mawu akuthwa anakwezedwa dala. CD player imaizindikira n'kuikonza yokha, koma fayilo yokopera imamveka yakuthwa mopweteka m'makutu kufikira mutaikonza ndi de-emphasis. Mukamamva kuthetheka kapena kulira kosintha mukasuntha mausi, zulani chaja ya laputopu muyesenso. Kukasiya, gwero ndi chajayo.

Gogo_Stereo:
Ana inu mwaithamangira kompyuta. Kukopera zimbale 250, chilichonse mphindi 10, ndi maola oposa 40, osawerengera kukonza maina a nyimbo. Si aliyense ali ndi mtima umenewo. Ndiponso CD6007 musaiike gulu limodzi ndi zakale zija: ili ndi ampulifaya yakeyake ya mahedifoni yomwe mungasinthe gain (mphamvu yokwezera mawu), ndipo HD 600 imayenda nayo bwino. Muika chimbale, mudina batani, mwayamba kumvera, popanda madalaivala kapena ma update.

Chofooka chake ndichinene poyera. USB yakutsogolo ndi ya fulashi yokha, laputopu simungailumikize, ndiye nyimbo za pa intaneti sizidutsamo. Komanso muli mota, lamba ndi laser, zinthu zotha, pomwe DAC ilibe choyenda chilichonse. Ngati kumvera kwanu konse ndi zimbale, itengeni. Ngati theka ndi Spotify kapena YouTube, mverani anzanuwa.

Chimbale74:
Zikomo nonse. YouTube ndimamvera tsiku lililonse, ndiye ndapendekera ku DAC. Koma laputopu yanga ilibe poika CD.

Nankungwi_wa_Zimbale:
Gulani DVD drive yakunja ya USB, yotchipa iliyonse ikwana. Mukaibaya koyamba, ikani chimbale chodziwika kwambiri kuti AccurateRip ipeze offset ya drive yo, ndiye kuti kakusiyana ka pomwe imayambira kuwerenga. Ibayeni molunjika pa laputopu, osati pa hub, chifukwa mphamvu ikachepa imasiya kuwerenga pakati pa chimbale. Zimbale zokandika muzipukute ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira.